UKALAMBA WA CITSULO CA PA MOTO



Nkhani yanga ya lero yacokera m'kalata. Mwailemba ndinu, mbale wathu wina wa ku dziko la a Kalindawalo, amene mwakhala zaka zambiri muli kusonkhezera boila pa mgodi wina. Dzina lanu sindichula, pakuti simunandilole kutero. Mwanena kuti pamene anazima moto kuti akonze makina, panafika anthu ndi kabokosi ka mawaya, nakhudzitsa kacitsulo pa paipi ya nthunzi m'malo ambiri, nalemba manambala m'buku. Ndipo patapita masiku owerengeka kapitao analamula kuti cigawo cimodzi ca paipiyo cidulidwe ndi kutayidwa. Inu munaciyang'anitsitsa cigawoco. Panalibe mng'alu, panalibe podontha, ndipo ngakhale dzimbiri silinali lambiri. Tsono mwafunsa kuti, kodi kumeneku si kuononga cuma? Kabokosi kangadziwe bwanji za m'kati mwa citsulo cimene maso a munthu wozolowera nchito aciona cabwino?

Mwacita bwino kufunsa, acimwene, pakuti safunsa anadya phula. Monga mwakafotokozera, kabokosiko ndi ka mtundu umene umayesa citsulo ndi maginito. Koma ndisanafike pa maginito, ndiyenera kuyamba ndanena za nthenda imene anthu aja anali kuifunafuna.

Tiyambire pafupi, pa cinthu cimene ali yense wa ife acidziwa. Mai wa ku Nyimba akagula mbaula yatsopano pa msika, tizitsulo timene mphika umakhalapo timakhala toongoka. Palibe amene amatimenya ndi nyundo, palibe amene amaikapo katundu woposa mphika wa nyemba. Koma pakapita miyezi mudzaona kuti tizitsulo tija tawerama pakati, ndipo mphika wayamba kupendekeka. Mphika womwewo mukauika pa zitsulo zozizira, ungakhalepo zaka makumi-makumi osazipinda konse. Apa pagwirizana zinthu zitatu: kutentha, kulemera, ndi nthawi yaitali. Cikasowapo cimodzi ca zitatuzi, citsulo sicigonja. Zikakumana zonse, citsulo cimayamba kuyenda.

Azungu amakucha kuyenda kumeneku creep. Ife m'nkhani ino tidzakucha kutamuka, cifukwa citsulo cimatamuka pang'ono pang'ono monga ulimbo pa dzuwa, osabwereranso m'malo mwace. Mmodzi wa anthu oyamba kukuyesa mosamala anali Edward Andrade, amene m'caka ca 1910, ali ku London, anapacika zolemera pa mawaya a mtovu ndi a zitsulo zina, nayesa kutalika kwace nthawi ndi nthawi. Mtovu umasungunuka msanga, pa madigiri 327, ndipo cifukwa ca ici umatamuka ngakhale m'nyumba wamba mopanda moto. Citsulo cimene timasulira makasu sicitero. Ico cimasungunuka pa madigiri ngati 1,500, pamene madzi amawira pa madigiri 100 okha. Wosula ali yense adziwa kuti citsulo cikafiira ndi moto cimafewa. Koma cimene ambiri sadziwa ndi ici: citsulo sicidikira kufiira kuti ciyambe kugonja. Citsulo wamba cimayamba kutamuka pa madigiri ngati 400, cikali cakuda monga mwa masiku onse.

Tsono taganizani za paipi ya nthunzi. M'nyumba zazikuru zopangira magetsi ndi moto, nthunzi imene ipita kukazunguza makina imafika madigiri ngati 540, ndipo imakankha makoma a paipi usana ndi usiku ndi mphamvu yoopsa. Citsulo wamba sicingapirire pamenepo. Cotero osungunula amasakanizamo zitsulo zina zochedwa chromium ndi molybdenum kuti cilimbe. Ngakhale atero, sanathe kuthetsa kutamuka, angokucedwetsa basi. Mainjiniya amene amalemba mapulani a mapaipi otere amawerengera moyo wa paipi monga momwe timawerengera zaka za munthu. Kawiri-kawiri amawerengera maora 100,000, ndiye kuti zaka 11 ndi miyezi ingapo makina ali kuyenda kosalekeza, kapena maora 200,000, ndizo zaka ngati 23. Ndipo pali lamulo limene wosonkhezera boila ali yense ayenera kulisunga pamtima: kutentha kukapyola muyeso wace ndi madigiri 10 kapena 15 okha, ndi kukhala cotero masiku onse, moyo wa paipi ukhoza kufupika ndi theka. Madigiri 15 pa geji ndi kamzere kakang'ono, koma kwa citsulo ndi zaka zambiri.

Kutamuka kuli ndi misinkhu itatu. Paipi ikali yatsopano imatamuka mofulumirako kwa kanthawi, kenaka imakhazikika. Ukatha msinkhu umenewo imalowa m'msinkhu waciwiri, umene uli wautali koposa, ndipo m'menemo imatamuka pang'ono kwambiri kotero kuti ngakhale mutaiyang'ana caka conse simungaone kusintha. Pa msinkhu wacitatu kutamuka kumathamanga, paipi imatupa, ndipo mapeto ace ndi kuphulika. Coopsa ndi cakuti palibe belu limene limalira paipi ikamacoka m'msinkhu waciwiri kulowa m'wacitatu.

Nanga m'katimo mumacitika ciani? Citsulo cimaoneka ngati cinthu cimodzi cosalala, koma mukacipukuta bwino ndi kuciika pansi pa galasi lokulitsa zinthu, mudzaona kuti ciri ndi timaso tambiri-mbiri tothinana, monga maso a cimanga pa citsononkho. Pakati pa diso ndi diso pali malire. M'timasomo ndi m'malire mwace muli timibulu tolimba ting'ono-ting'ono, timene timapangika pamene carbon yagwirana ndi chromium kapena molybdenum. Timibulu timeneti ndito timachinga citsulo kuti cisatamuke msanga. Moto wa zaka zambiri umacita zinthu ziwiri. Coyamba, timibulu tija timasonkhana, tambiri tating'ono tisanduka towerengeka tokulirapo, ndipo citsulo cimafewa. Caciwiri, pa malire a timaso pamabadwa timabowo, tating'ono koposa kunenepa kwa tsitsi la munthu. Poyamba timakhala apa kamodzi, apo kamodzi. Pambuyo pace timafola mzere motsata malire. Kenaka timalumikizana ndi kusanduka timing'alu, ndipo timing'alu timakumana ndi kukhala mng'alu waukuru. M'caka ca 1983 akatswiri awiri a ku Germany, Neubauer ndi Wedel, anandandalika masitepe anai amenewa, ndipo oyesa mapaipi amawatsatabe. Inu alimi mwazindikira kale cimene ndiri kunena. Cimanga ca m'nkhokwe cimaoneka cokoma kunja, koma anankafumbwe atatha kale nchito yao m'kati.

Ndinene tsopano za tsiku limodzi, kuti mudziwe kuti iyi si nkhani ya m'mabuku cabe. Ku America, m'cigawo ca Nevada, pa tauni ya Laughlin, panali nyumba yaikuru yopangira magetsi yochedwa Mohave, imene inayamba nchito m'caka ca 1971. Pa 9 June 1985 paipi ya nthunzi ya mainchesi 30 m'mimba mwace inang'ambika mwadzidzidzi motsata msoko umene anaocherera poipanga. Nthunzi yotentha inalowa m'zipinda m'mene munali anchito. Anthu 6 anafa, ndipo 10 ena anapsa. Ofufuza anapeza kuti msoko uja unali utadyeka ndi kutamuka. Kwa anthu amene anali pa shifiti tsiku limenelo ngoziyo inadza m'kamphindi, koma kwa citsulo inali nchito ya zaka 14. Kucokera pamenepo eni a nyumba za magetsi m'maiko ambiri anayamba kuyang'anitsitsa misoko ya mapaipi ao, pakuti malo amene aocherera, ndi kambali kapafupi ndi msoko kamene kanapsa ndi moto wa woocherera, ndi pomwe nthendayi imakonda kuyambira.

Wina anganene kuti Nevada ndi kutali. Inde ndi kutali, koma mapaipi a nthunzi tiri nao kuno kwathu. Ku Maamba, m'boma la Sinazongwe, kuli nyumba ya magetsi yotentha makala a mwala, imene makina ace awiri oyamba, a mamegawati 150 ali onse, anayamba nchito m'caka ca 2016. M'caka ca 2024, pamene cirala cinacepetsa madzi a ku Kariba ndi a mu Kafue, ndipo magetsi anali kuzima maora ambiri tsiku liri lonse, tonse tinaphunzira kufunika kwa magetsi ocokera ku moto. Pakuti mawaya a dziko lino ndi olumikizana, ndipo cigayo ca ku Petauke cimamva kuwawa makina a kutali akaima. Ku Mufulira, ku Chingola ndi ku Solwezi kuli ng'anjo zosungunulira mkuwa, ndipo mpweya wotentha wocokera m'ng'anjozo umadutsa m'maboila. Ku Nakambala, pafupi ndi Mazabuka, amatentha zotsalira za nzimbe kuti apeze nthunzi. Kucokera masiku amene makolo athu anali kuoloka Luangwa pansi kupita kukafuna nchito ku Kabwe ndi ku migodi ya mkuwa, ana a ku Petauke ndi ku Nyimba sanasowe m'malo otere. Munthu amene aima pafupi ndi paipi ya nthunzi usiku uno akhoza kukhala mlamu wanu kapena mwana wa mlongo wanu.

Makolo anati tsoka silinunkha. Nchito ya woyesa zitsulo ndiyo kupeza njira yakuti tsoka iri limveke lisanafike, ndiponso kutero popanda kuononga cinthu cimene ali kuciyesa. Nzeru imeneyi si yacilendo kwa ife. Mai wogula mbiya saiswa kuti aone ngati iri yolimba. Amaigogoda ndi cala ndi kuchera khutu. Akulu amene anakwera sitima za kale akumbukira munthu uja amene anali kuyenda m'mbali mwa sitima pa siteshoni, namenya gudumu liri lonse ndi nyundo yaitali, kumvetsera ngati lirira bwino. Koma nyundo imamva mng'alu umene wakula kale. Timabowo ta kutamuka nyundo siingatimve, ndipo pa paipi ya nthunzi kudikira mng'alu waukuru ndiko kucedwa.

Njira yotsimikiza koposa ndiyo kudula kacidutswa ka paipi ndi kukakayesa m'nyumba yoyesera. Koma kutero ndi kuvulaza paipi, ndipo simungadule malo onse. Njira ina, imene yagwira nchito zaka zambiri, ndi iyi: amapukuta kamalo kakang'ono pa paipi mpaka kawale ngati kalirole, nathirapo mankhwala oonetsa malire a timaso, namatapo kapepala ka pulasitiki kofewa. Akakamatula, kamakhala katatenga cithunzi ca timaso ndi timabowo, monga dothi lonyowa litenga phazi la nyama, ndipo amakaika pansi pa galasi lokulitsa. Njirayi ndi yabwino, koma imadya nthawi, imafuna manja a mmisiri, ndipo imaonetsa kamalo kocepa kokha, pamene mapaipi a m'nyumba imodzi ya magetsi ali ambiri ndi misoko yace yosawerengeka. Masiku ozimitsa moto ndi ocepa, cifukwa tsiku liri lonse limene makina aima ndi ndarama zotayika. Panafunika njira yofulumira yosonyeza mmisiri malo oyenera kupukuta. Apa ndi pamene maginito alowera.

Pamene ndinali mnyamata pa sukulu ya mishoni, aphunzitsi athu anabwera tsiku lina ndi maginito ndi msomali. Anakhuza msomaliwo ndi maginito kangapo, ndipo msomali unayamba kunyamula masingano. Kenaka anauika pa moto, ndipo utazizira sunanyamulenso kanthu. Tinaomba m'manja, koma cifukwa cace ndinacimva bwino nditakula. M'citsulo ciri conse ca mtundu uwu muli timadera ting'ono-ting'ono, ndipo kadera kali konse ndi kamaginito pa kokha, koloza mbali yace. Mfalansa wina, Pierre Weiss, ndiye anayamba kunena zimenezi m'caka ca 1907. Msomali wamba sukoka kanthu cifukwa timadera tace taloza mbali zosiyana-siyana ndi kufafanizana. Mukabweretsa maginito pafupi, timadera timene taloza mbali yomweyo timakula, ndi kulanda malo a tinzace. Ndiye kuti malire a pakati pa kadera ndi kadera amasuntha. Kutentha kukafika madigiri 770, dongosolo lonseli limapasuka ndipo citsulo cimaleka kukokedwa ndi maginito. Osula ena amagwiritsa nchito nzeru yomweyi kuti adziwe nthawi yoviika mpeni m'madzi.

Tsono mverani ici, pakuti nkhani yonse yagona apa. Malire a timadera akamasuntha, sayenda mosalala. Amakodwa pa timibulu tolimba tija ndi pa zipsera zina za m'kati mwa citsulo, naima, ndipo mphamvu ikaonjezeka amadumpha mwadzidzidzi. Inu amene mwalimapo ndi ng'ombe pa mphanje mudziwa m'mene pulao imacitira ikakumana ndi mizu ndi zitsa: imaima, ng'ombe zikoka, ndipo imalumpha. Munthu wogwira pulao, ngakhale atatsinzina, akhoza kukuuzani ngati munda uli ndi mizu yambiri yaing'ono kapena zitsa zowerengeka zazikuru, pongomva kugwedezeka kwa m'manja mwace.

Woyamba kumva kudumpha kumeneku ndi makutu anali Heinrich Barkhausen, wa ku Dresden m'dziko la Germany, m'caka ca 1919. Iye anakulunga waya pa kacitsulo, nalumikiza wayayo ku cipangizo cokuza mau, ca mtundu womwewo umene unabala wailesi imene muli kundimverayi. Pamene anasendeza maginito pafupi, m'cipangizomo munamveka phokoso ngati la mcenga wothiridwa pa malata. Kathetheka kali konse kanali kudumpha kwa malire a timadera m'kati mwa citsulo. Kufikira lero phokosoli limachedwa ndi dzina lace. Barkhausen sanali kuganiza za maboila konse. Koma amene anadza pambuyo pace anazindikira kuti ngati moto wa zaka zambiri usintha timibulu ndi kubala timabowo, ndiye kuti usinthanso mayendedwe a malire aja, ndipo citsulo cokalamba ciyenera kuyankha maginito mosiyana ndi catsopano.

Kabokosi kamene munaona, acimwene, kamagwira nchito motere. Kacitsulo kamene amakhudzitsa pa paipi ndi kopindika ngati cilembo ca U, ndipo kali ndi waya wokulungidwa. Akapititsa magetsi m'wayamo, kamasanduka maginito, ndipo mphamvu yace imatsika ndi mwendo umodzi, idutsa m'khoma la paipi, ndi kukwera ndi mwendo winawo. Kabokosi kamatembenuza magetsiwo uku ndi uku, ndipo waya wina wamng'ono umamvetsera mayankho a paipi. Mayankho akuru ndi atatu. Loyamba ndi mphamvu ya maginito imene imatsala m'paipi magetsi akazimitsidwa, monga inatsala m'msomali wa aphunzitsi aja. Laciwiri ndi kucuruka kwa mphamvu imene ifunika kuti cotsalaco cifafanizike, ndipo timati ndilo liuma la citsulo. Lacitatu ndi phokoso la Barkhausen, kukula kwace ndi nthawi imene limafika pacimake. M'zaka za m'ma 1990 David Jiles ndi anzace a ku Ames Laboratory, m'cigawo ca Iowa ku America, anayesa motere zitsulo za chromium ndi molybdenum za mapaipi a nthunzi, ndipo anaona kuti zitsulo zodyeka ndi kutamuka zimayankha mosiyana ndi zabwino: kawiri-kawiri liuma lace limacepa, ndiponso mphamvu yotsala imacepa. Cifukwa cace mwacimva kale. Timibulu tikasonkhana, zokola malire zimacepa, ndipo malirewo amayenda mosavuta. Timabowo natonso timadula njira ya maginito monga maenje adula mseu.

Ubwino wa njirayi ndi woonekeratu. Paipi siidulidwa, siiboledwa, ndipo kuyesa malo amodzi kumatenga kanthawi kocepa, kotero kuti anthu awiri akhoza kuyendera malo ambiri m'tsiku limodzi. Ndiponso imamva kusintha kwa m'kati mng'alu usanabadwe. Musaisokoneze ndi njira ina yakale imene oocherera ambiri aidziwa, ya kuwaza ufa wa citsulo pa msoko umene aupatsa maginito. Iyo imaonetsa ming'alu imene yafika kale pamwamba.

Koma ndingakunamizeni ndikakuuzani kuti kabokosika ndi ka ula, kodziwa zonse. Kali ndi malire ace. Phokoso la Barkhausen limacokera pafupi ndi khungu la paipi, pamene khoma la paipi yaikuru likhoza kunenepa ngati cikhato ca munthu; nthenda yoyambira pakati pa khoma imafuna makina ena, amene amatumiza mau osamveka ndi khutu m'citsulo ndi kumvetsera kubwerera kwace. Zitsulo zina zosacita dzimbiri, zimene amaika m'malo otentha koposa, sizikokedwa ndi maginito, ndipo pa izo njirayi siigwira monga ndafotokozera. Makoko a dzimbiri akatsala pa paipi, kapena kacitsulo kakapanda kukhala bwino, manambala amanama. Kukokana kumene kumatsala m'citsulo pambuyo pa kuocherera kapena kupinda nakonso kumasintha mayankho, ngakhale citsuloco cisanakalambe. Cifukwa ca zimenezi maginito sanalande malo a njira zinazo. Ali ngati galu wa mlenje: amaima pa chire ndi kuuwa, koma mlenje ndiye amapita kukaona cimene ciri m'chiremo. Kabokosi kakasonyeza malo, mmisiri amapukuta, amatenga cithunzi ca timaso, amayesa kuuma kwa citsulo ndi kutupa kwa paipi, ndipo injiniya amaweruza ataona zonse pamodzi.

Palinso cina cimene ndifuna mucigwire. Nambala imodzi ya kabokosi siinena kanthu pa yokha. Namwino wa ku sikelo sadziwa ngati mwana ali kukula poona kulemera kwa tsiku limodzi. Amayang'ana khadi, nayerekeza ndi miyezi yapita. Cimodzi-modzi woyesa paipi amayerekeza nambala ya lero ndi ya zaka zapita pa malo omwewo, ndi ya cigawo cina ca paipi yomweyo cimene sicinakhale pa moto waukuru, ndiponso amafunsa kuti paipiyo yagwira maora angati ndi pa kutentha kotani. Mayankho a mafunso amenewa sali m'kabokosi. Ali m'buku la shifiti, limene mumalemba ndinu.

Tsono ndiyankhe funso lanu. Cigawo ca paipi cimene munaciona cabwino cinali cabwino kunja kokha. Ndipo ngati anacidula atayesa monga ndanenera, anacita nchito yao. Kutaya mamita owerengeka a citsulo pa nthawi imene moto wazima ndi mtengo wocepa. Paipi ikadziphulikira yokha imasankha yokha tsiku ndi ora, ndipo siifunsa kuti ndani waima pafupi.

Kwa inu nonse ogwira nchito pa maboila ndi pa ng'anjo ndiri ndi mau ocepa. Musakweze moto kupyola muyeso umene mwapatsidwa, ngakhale nchito itacuruka, pakuti kutentha kwa usiku umodzi citsulo sicikuiwala. Pang'ono pang'ono ndi mtolo. Geji ikakwera, lembani m'buku nambala imene mwaona, osati imene ikondweretsa kapitao. Bodza la m'buku limasoceretsa woyesa amene adzabwera zaka zisanu kutsogolo, mwina inu mutapuma kale nchito ndipo mwana wanu ali pa malo anu. Mukaona paipi yatupa, kapena yawerama, kapena copacikira cace caduka, nenani tsiku lomwelo. Mukamva kamluzu ka nthunzi pa msoko, musayandikire kuti muone, ndipo musayese kufufuza ndi dzanja, cifukwa nthunzi yotentha kwambiri siioneka ndi maso pomwe iturukira. Cokani, cenjezani anzanu, itanani akuru a nchito. Ndipo oyesa akafika ndi kabokosi kao, athandizeni. Sanabwere kudzakupezani zifukwa.

Kwa inu anyamata ndi asungwana a ku Petauke ndi ku Nyimba amene muli pa sukulu, nchito ya kuyesa zitsulo ikufuna anthu odekha, odziwa masamu, ndi osanama. Maphunziro a zitsulo ndi a makina alipo pa University of Zambia ku Lusaka, pa Copperbelt University ku Kitwe, ndi pa Northern Technical College ku Ndola. Makolo athu anaumba ng'anjo zao ndi dothi, nasungunula citsulo ca makasu, ndipo anali kudziwa kupsa kwace poona mtundu wa lawi ndi pomva kulira kwa nyundo. Sicidzakhala cinthu cacilendo mdzukulu wao akaphunzira kucimvetsera ndi maginito.